WPA2 kapena WPA3: loko uti woyenera Wi-Fi ya pakhomo?

Bandulo yanga ya mwezi wathunthu idatha m'masiku 9 okha. Nditalowa mu rauta kuti ndione chomwe chikudya intaneti, ndidapeza mafoni 12 atalumikizidwa, pomwe pakhomo pano tili ndi anayi. Pasiwedi inali dzina la mwana wanga ndi chaka chomwe adabadwa, zinthu zomwe aliyense pa laini yathu amazidziwa. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya loko wa Wi-Fi sindiitenganso mopepuka.

Mukalemba 192.168.8.1 mu browser, monga zilili pa marauta ambiri a Huawei, kapena 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1 pa ena, mupeza malo osankhira mtundu wa chitetezo. Kawirikawiri pamakhala WEP, WPA, WPA2 ndi WPA3.

Ziwiri zoyambazo musataye nazo nthawi. WEP ndi ya 1997, ndipo mu 2001 akatswiri atatu, Fluhrer, Mantin ndi Shamir, adaonetsa pomwe ili yofooka. Lero munthu wodziwa amaithyola m'mphindi zochepa. WPA ya 2003 idangokhala chigamba chodikirira china chabwino, ndipo mukaisankha ndi TKIP, njira yake yobisira uthenga, liwiro la rauta silipitirira 54 Mbps.

Mpikisano weniweni uli pakati pa WPA2 ya 2004 ndi WPA3 ya 2018. Zonse ziwiri zimabisa uthenga pogwiritsa ntchito njira yotchedwa AES, ndipo pamenepo palibe chodandaulitsa. Zimasiyana pa momwe foni ndi rauta zimapatsirana moni. Pa WPA2, munthu wokhala kuseri kwa mpanda ndi laputopu akhoza kujambula moniwo, n'kupita nawo kwawo. Kumeneko kompyuta yake imayesa mawu mamiliyoni usiku wonse, rauta yanu osadziwa kanthu. Ngati pasiwedi ili 12345678 kapena dzina la timu ya mpira, m'mawa kukacha amakhala ali nayo. WPA3 idatseka khomo limeneli ndi njira yotchedwa SAE: wofuna kuyesa mawu ayenera kugogoda pa rauta yeniyeniyo ulendo uliwonse, choncho kuyesa mamiliyoni sikutheka. Chinanso chabwino n'chakuti ngakhale ataidziwa pasiwediyo mawa, zomwe adajambula dzulo sangaziwerenge.

Pa mphamvu, WPA3 yapambana. Vuto lake ndi zida zakale. Nditaiyesa, foni ya mayi a kunyumba idakana kulumikiza, chimodzimodzi TV. WPA2 ilibe tsankho, pafupifupi chida chilichonse chimailandira. N'chifukwa chake marauta atsopano ali ndi njira yosakaniza, WPA2/WPA3, pomwe chida chilichonse chimalowera khomo lomwe chingathe. Ine ndili pamenepo. Kungoti khomo la WPA2 likakhala lotsegula, wojambula moni uja mwayi akadali nawo, ndiye pasiwedi iyenera kukhala yaitali. Rauta imalola zilembo 8 mpaka 63. Tengani mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, muikemo manambala pakati, zifike zilembo 16 kapena kuposa.

Ena amaopa WPA2 chifukwa cha KRACK, mpata womwe Mathy Vanhoef wa ku Belgium adaulengeza mu 2017. Mpatawo udatsekedwa kudzera m'ma update. WPA3 nayonso idapezeka ndi zofooka zake mu 2019, zotchedwa Dragonblood. Choncho rauta ndi foni zomwe muziziika ma update, musankhe iyi kapena iyo.

Chomwe ndimachiopa kwambiri ine ndi WPS, njira ija yolumikizira popanda kulemba pasiwedi. Mu 2011 Stefan Viehböck adaonetsa kuti PIN yake ya manambala 8 rauta imaiyesa m'zigawo ziwiri, moti wakuba amangofunika kuyesa ka 11,000 basi. Akaipeza, pasiwedi yanu yaitali ija rauta imamupatsa yokha. Zimitsani WPS lero. Kubisa dzina la netiweki kapena kusefa ma MAC address (adiresi yozindikiritsa chida chilichonse pa netiweki) kumangokuvutitsani eni ake, makamaka pano pomwe mafoni amasintha adiresi yawo okha.

Ndinene zoona: anthu omwe ankadya bandulo yanga aja sadathyole loko aliyense. Wina adangoganizira dzina la mwana, n'kugawira anzake kudzera pa QR code ya pa foni, ndipo apa ngakhale WPA3 sikadandithandiza. Ndidasintha pasiwedi ya Wi-Fi, ndidasinthanso ya admin, yolowera mu rauta, yomwe inali ikadali yolembedwa pa kapepala ka pansi pa rauta, kenako ndidatsegula netiweki ya alendo yokhala ndi pasiwedi yakeyake, yomwe ndimaisintha mwezi ukatha. Loweruka lililonse ndimalowa mu rauta kuwerenga zida zolumikizidwa: mafoni anayi ndi TV imodzi.