Anyamata a lipenga ndi piyano aja, ndawapatsa 4 pa 5

Tinawabuka pa anivesale yathu ya zaka 10 m'banja, kunyumba ku Area 47, alendo ochepa chabe pakhonde ndi pakapinga. Ndinawauziratu kuti zina zonse aimbe zomwe akufuna koma nyimbo ya My Funny Valentine isalephere, ya Richard Rodgers ndi Lorenz Hart ya mu 1937 ija, chifukwa madamu amaikonda koopsa, yomwe anaimba Chet Baker, katswiri wa jazi wa ku America, amaibwereza pafoni mpaka ana kunyumba kuno anatopa nayo.

Zondinyasa kaye. Tinapangana 5 koloko iwo anatulukira kunja kutada kale, ati jamu ya magalimoto ku Old Town, ndiye piyano yomwe ankanena pa WhatsApp ija kunali kiyibodi, yabwino ndithu koma akanangonena chilungamo. Ekisitenshoni anachita kubwereka yanga.

Koma atayamba eee. Wapiyano anayamba yekha pang'onopang'ono, makodi olemera (manotsi angapo nthawi imodzi), moti mphindi yathunthu sindinadziwe kuti ndi nyimbo yomwe ndinapempha ija. Kenako mnzakeyo anatulutsa kachitini kachitsulo, amati myuti, n'kutseka nako kukamwa kwa lipenga, mawu ake anasanduka owonda ngati munthu akukunong'oneza kukhutu, ngati mmene katswiri wa lipenga wa ku America Miles Davis ankachitira, osati lipenga la bandi ya apolisi lomwe tinazolowera pa pelete. Amaliza mzere umodzi n'kusiya, kudikira, wapiyano kuyankha ndi timanotsi titatu basi, iye n'kulowanso mochedwerako dala. Pakati anaisiyiratu tchuni n'kuyamba zakezake, ine mtima m'mwamba kuti ndalama zanga zapita, mwadzidzidzi anabwerera pomwe anasiyira paja ndipo ndinaona madamu aika foloko pansi, nyama ili kuzizira m'mbale, akungoyang'ana zala za mnyamatayo pa mabatani atatu a lipenga aja.

Si onse anasangalala. Amalume anandikodola n'kufunsa kuti "mphwanga, ayamba kale kapena akuyesa zida?" ndipo azilamu anga ankadikira yoti avine, sinabwere mpaka tinayatsa sipika anyamatawo atapita.

Ndiye ngati mukufuna a perekaniperekani pa ukwati awa si anu, mudzangokwiya nawo. Koma pa dina ya anthu ochepa atengeni, muwauze nthawi yabodza yofulumira ndi ola limodzi, komanso mufunsiretu ngati akubwera ndi ekisitenshoni.