Timapepala, mita kapena labotale: tiyeze ndi chiyani asidi wa m'dothi?

Alimi anzanga a ku Mulanje ndi ku Thyolo, tisanakangane za chida choti tigule, tigwirizane kaye pa sikelo ya pH, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa asidi. Imayambira pa 0 mpaka 14, ndipo 7 ndiye pakati. Kutsika m'munsi ndi asidi, monga madzi a ndimu amene ali cha pa 2. Kukwera m'mwamba ndi zinthu za mtundu wa chidulo ndi sopo. Nambala iliyonse ikatsika, asidi amachuluka kakhumi, choncho dothi la 4.5 lili ndi asidi kakhumi kuposa la 5.5. Tiyi amasangalala pakati pa nambala ziwirizi, koma chimanga ndi nyemba zimafuna dothi lokwererako. Kuphonya ndi theka la nambala si nkhani yaing'ono.

Timapepala toyezera pH, tomwe timasintha mtundu malinga ndi asidi, ndi totsika mtengo ndipo sitifuna batire. Sakanizani gawo limodzi la dothi ndi magawo awiri ndi theka a madzi, takasani, dikirani matope akhale pansi, kenaka viikani m'madzi a pamwambawo n'kuyerekeza mtundu wa kapepalako ndi tchati chobwera ndi timapepalato. Madzi ake akhale oyera aja othira m'batire ya galimoto (osati asidi wake, chonde). Vuto ndi katondo wathuyu: akadetsa kapepala, maso amalephera kusiyanitsa 5 ndi 5.5. Ndipo litmus wa kusukulu uja musiyeni, amangofiira kukuuzani kuti muli asidi, zomwe ndi mvula yathuyi tikuzidziwa kale. Gulani tokhala ndi manambala.

Mita yooneka ngati cholembera, yokhala ndi kagalasi kunsonga, imawerenga bwino kwambiri, koma ndi ya chisamaliro. Imafuna kuikonza kawirikawiri ndi madzi ake apadera a pH 4 ndi 7, ndipo kagalasiko kakauma imayamba kunama. Ndikuona kuti imayenera kalabu, pamene pali munthu mmodzi woisunga. Koma mita zija zamapazi awiri zongobaya pansi, zopanda batire, ine sindizikhulupirira. Singano yake imasuntha malinga ndi chinyezi cha dothi.

Labotale, monga ku Bvumbwe kapena ku Tea Research Foundation ku Mimosa, imadya ndalama ndi nthawi, komabe imakuuzani zambiri kuposa pH yokha. Mukalandira zotsatira funsani ngati anayeza m'madzi kapena m'madzi osakaniza ndi mchere wotchedwa calcium chloride, chifukwa njira yachiwiriyi imapereka nambala yotsikirapo pa dothi lomwelo.

Pongoona mwachidule ngati feteleza wa sulphate of ammonia wawonjezera asidi kwambiri pakapita zaka, timapepala tikukwana. Koma musanagule matumba a laimu wochepetsera asidi m'dothi, pitani ku labotale, makamaka ngati munda wa chimanga wagundana ndi wa tiyi, poti laimu wochuluka tiyi samufuna. Dothi lotumizalo mulitenge malo angapo m'mundamo n'kulisakaniza, la munda uliwonse m'thumba lakelake.