Madokotala a Atsikana: Zomwe Tikuona Kuno ku Mangalande

Amayi, azakhali ndi anamkungwi a ku Lilongwe, m'zipatala za kuno ku Mangalande kumene ena a ife tikugwira ntchito muli madokotala omwe kwathu sitiwamva kawirikawiri. Ndi a matenda a amayi, koma amaona ana aakazi, kuyambira khanda mpaka namwali. Kuno munthu akamaliza udokotala amaphunzira zaka 7 za uchembere ndi matenda a amayi, za atsikana n'kuwonjezera chakumapeto. Ku America ndi zaka 4, kenako zina 2 za atsikana basi, ndipo bungwe lawo la NASPAG linayamba mu 1986. Wa kwathu wofuna ntchitoyi ayambire pa digiri ya udokotala (MBBS) ku yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), atsatize digiri ya ukatswiri (MMed).

Phunziro lawo loyamba n'lakuti mwana samuyeza ngati mayi. Chitsulo chija chotsegulira njira poyeza khomo la chiberekero sichiyandikira mwana. Amamugoneka chagada pamiyendo ya mayi ake, mapazi atagundana, mawondo atatambasuka ngati chule, dokotala n'kungoyang'ana. Zam'kati amazionera pa sikani ya pamimba, mwana atamwa madzi ambiri kuti chikhodzodzo chidzaze.

Kuyabwa kumene kwathu timathamangira kunena kuti mauka, mwa mwana wosatha msinkhu nthawi zambiri kumabwera chifukwa khungu la kumaliseche n'lopyapyala, estrogen, homoni ya chikazi yokhwimitsa khunguli, akadali wochepa. Sopo amawawula, kupukuta kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo kumabweretsa tizilombo, pena ndi tinjoka tam'mimba totuluka usiku. Musambitseni ndi madzi ofunda okha, avale panti wathonje. Lezala ayi ndithu. Koma mukaona magazi kapena zotuluka zonunkha, chipatala tsiku lomwelo: mwina mwakanirira kachidutswa ka tishu, mwinanso wina wamugwirira, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72.

Nkhani imene imatiwawa kwambiri ndi iyi. Mtsikana wa zaka 14 kapena 15, mabere anamera kale, sanasambepo, mwezi uliwonse akubuula m'mimba, ndiye chinena chayamba kutupa. Pakhomo mlandu wakhala kale: ulula, mimbayi ndi ya ndani? Chonsecho mwanayo anabadwa ndi kachikopa ka pakhomo pa njira kopanda bowo. Iye akusamba ndithu, koma magazi akusowa potulukira, akungounjikana m'kati mwezi ndi mwezi, mpaka ena mkodzo umakanika. Dokotala akayang'ana amaona kachikopako katatukumuka, kobiriwira chifukwa cha magazi a kuseri. Opaleshoni yake ndi yaing'ono: amamugoneka tulo, kucheka kachikopako, magazi akuda bii olimba ngati phala n'kutuluka okha. Kuboola ndi jakisoni n'kolakwika, chifukwa bowolo limatsekekanso, tizilombo titalowa kale. Ena, mmodzi mwa atsikana pafupifupi 4,500 kapena 5,000, amabadwa opanda chiberekero, matenda otchedwa MRKH, pomwe mabasiketi a mazira ali bwinobwino. N'chifukwa chake wofika zaka 15 asanasambe, kapena amene patha zaka 3 chimerereni mabere, ayenera kukapimidwa, osati kukam'funira zitsamba.

Kafukufuku wa madokotalawa wasinthanso kachitidwe pamene basiketi ya mazira yapotokola. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwadzidzidzi mbali imodzi ya chinena, ndi kusanza. Kale akapeza basiketi yada ankaichotsa. Tsopano amaipotolola n'kuisiya, poti zambiri zimatsitsimuka magazi akayambanso kuyenda. Chofunika n'kusachedwa, imeneyo si ya Panado ndi kudikira kuti kuche.

Za kusamba kwambiri, muyezo ndi uwu: kupitirira masiku 7, kapena padi kapena nyanda kunyowa pasanathe maola awiri. Amayeza kuchuluka kwa magazi, amafunsanso ngati mwana amatuluka kamfuno pafupipafupi kapena ngati mayi ake anataya magazi ambiri pobereka, chifukwa ena ali ndi vuto la magazi osaundana la von Willebrand. Mankhwala otchedwa tranexamic acid amachepetsa kutayako, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amamwedwa miyezi itatu magazi atabwerera kale, osati kusiya chizungulire chikangotha. Cham'mimba, bulufeni amagwira bwino akamwedwa ululu ukungoyamba, mwana atadya. Ngati akujombabe kusukulu mwezi uliwonse, akaunikidwe endometriosis, matenda omwe minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake; atsikananso amadwala.

Popita, yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Kawale kaya ku Area 25, mukapemphe kalata yopitira ku Kamuzu Central. Tengani buku lake la kuchipatala ndi kapepala kolembapo masiku amene wakhala akumva ululu kapena kusamba m'miyezi itatu yapitayi. Dokotala akati mutuluke kaye alankhule ndi mtsikanayo payekha, tulukani, musakhumudwe; kunonso amatero.