Obsidian: Ndemanga ya Mphunzitsi Wopuma Pantchito

Nditapuma pantchito yauphunzitsi ndinaganiza zobwerera ku mbiri ya dziko lathu, phunziro limene ndinaliphunzitsa kwa zaka zambiri koma nthawi zonse mothamangitsana ndi silabasi ndiponso mayeso a MSCE. Ndinkafuna tsopano kuwerenga modekha kuti ndimvetse chifukwa chimene zinthu zinachitikira, osati kungodziwa zaka zake. Pasanathe nthawi yaitali ndinali nditadzaza makope asanu ndi awiri, ndipo vuto linabuka pamenepo, chifukwa mfundo imene ndinalemba m'kope lachiwiri inkakhudzana ndi ina ya m'kope lachisanu ndi chimodzi, koma kuti ndizipeze zonse ziwiri ndinkatha m'mawa wonse ndikutsegula masamba. Mdzukulu wanga ataona zimenezi anandiikira Obsidian, pulogalamu yolembera ndi kulumikizira zolemba, pa laputopu ndi pa foni. Ndaigwiritsa ntchito kwa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo ndikulemba ndemanga imeneyi makamaka kwa anzanga azaka zopitirira 60 amene akufuna kupitiriza kuphunzira.

Obsidian anaipanga ndi Shida Li ndi Erica Xu, ndipo inatuluka m'chaka cha 2020, pamene ya pa foni inabwera mu 2021. Imagwira ntchito pa makompyuta a Windows, Mac ndi Linux, komanso pa mafoni a Android ndi iPhone. Zonse zimene mwalemba zimasungidwa ngati mafayilo wamba a mtundu wa Markdown mu foda imodzi ya pa makina anu, imene eni ake amaitcha vault. Zimenezi zikutanthauza kuti simufunikira kutsegula akaunti kuti muyambe kulemba, simufunikira bandulo, ndipo magetsi akazima mumapitiriza kulemba mpaka batire litatha. Pulogalamuyo njaulere. Kwa munthu wodalira penshoni, mfundo zimenezi zikadakwana kale kuti aiyese, koma chimene chinandigwira mtima ndi njira yake yolumikizira zolemba.

Mukamalemba tsamba lililonse, mutha kuika mawu pakati pa mabulaketi awiriawiri okhala ndi ngodya, ndipo mawuwo amasanduka khomo lolowera ku tsamba lina lokhala ndi dzina lomwelo. Tsamba limenelo nalonso limakuonetsani, m'mbali mwake, masamba onse amene alitchula. Ndifotokoze mmene zimenezi zinandithandizira pa nkhani ya John Chilembwe. Ndinayamba ndi zimene aliyense amene anapita kusukulu amadziwa: kuti anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, kuti anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kuti atabwerera mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kuti kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndiponso kuti iye anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho. Polemba za minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone, ndinaika mawu akuti thangata m'mabulaketi popanda kuganizira zambiri.

Patapita miyezi ingapo, nditalemba masamba ena pa nkhani zimene ndinkaziyesa zosiyana, ndinatsegula tsamba la thangata ndipo ndinapeza kuti masamba khumi ndi limodzi anali atalitchula. Panali tsamba la Alomwe amene anabwera kuchokera ku Mozambique nakhala pa minda ya azungu chifukwa analibe malo ena, tsamba la msonkho wa nyumba umene unkachepetsedwa kwa munthu amene wagwirira ntchito mzungu kwa mwezi umodzi, tsamba la zipolowe za ku Thyolo mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, ndiponso tsamba la lamulo la 1962 limene linathetsa thangata. Kwa zaka zonse zimene ndinaimirira m'kalasi, mitu imeneyi ndinkaiphunzitsa m'materemu osiyana, ngati nkhani zosadziwana. Apa ndinaiona ili pamzere umodzi, yonse ikuloza ku funso la malo ndi la amene amalima pa malowo. Ndinakhala pansi n'kulemba tsamba latsopano lofotokoza mmene mawu amene makolo athu ankatanthauza kuthandizana pantchito anasinthidwira kukhala dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Tsamba limenelo ndimalikonda kuposa onse, chifukwa maganizo ake ndi angaanga, ndipo sindikadawafikira ndikadapitiriza ndi makope.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti pulogalamuyo siyiganiza m'malo mwanu. Masabata oyambirira ndinkangokopera ndime zathunthu za m'mabuku, ndipo zolumikiza zimene zinatuluka zinali zopanda mchere. Zinthu zinasintha nditadziikira lamulo lakuti tsamba lililonse likhale ndi mfundo imodzi yokha, yolembedwa m'mawu anga, kawirikawiri m'Chichewa ngakhale buku limene ndikuwerenga likhale la Chingerezi. Kutembenuza mfundo kuti ilowe m'chilankhulo chimene ndinayamwira kumandionetsa msanga pamene sindinamvetse, chifukwa chiganizo chimakana kutha. Njira imeneyi si yatsopano. Katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, Niklas Luhmann, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Bielefeld ndipo anamwalira mu 1998, anasiya timapepala pafupifupi 90,000 tolozerana wina ndi mnzake m'mabokosi amatabwa. Obsidian imangochotsa ntchito yolemba manambala ndi yosanthula m'mabokosi.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamathandiza kwambiri olemba Chichewa. Mawu athu amasintha kumayambiriro, kotero kuti Mlomwe, Alomwe ndi Chilomwe makina amawaona ngati mawu atatu osiyana. Obsidian imalola kupatsa tsamba limodzi mayina ena owonjezera, ndipo mukatero mayina onse atatu amatha kukufikitsani pa tsamba lomwelo. Zilembo nazonso zimakulitsidwa mosavuta, zimene maso a munthu wamkulu amayamikira, ndipo pali mwayi wosankha sikirini yoyera kapena yakuda.

Chinthu chimene anthu amachitama kwambiri, chithunzi chooneka ngati ukonde wa kangaude chosonyeza masamba onse ndi zingwe zowalumikiza, ine ndimachiona kuti n'chokongola koma chothandiza pang'ono. Masamba akachuluka chimasanduka chimulu cha timadontho. Ntchito imodzi yokha imene ndimachipatsa ndi kundionetsa masamba amene akhala okha popanda chingwe chilichonse, chifukwa amenewo ndi amene sindinawaganizire mokwanira.

Wofuna kuyamba ayenera kudziwiratu zinthu zingapo. Malangizo ambiri ophunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake ali m'Chingerezi, ndipo amagwiritsa ntchito mawu a anthu a makompyuta, kotero kuti sabata yoyamba mpofunika kukhala ndi wachinyamata pafupi. Pali timapulogalamu tambirimbiri towonjezera topangidwa ndi anthu ena, ndipo n'kosavuta kutaya masiku mukutiyesa m'malo mowerenga. Langizo langa ndi lakuti musaike ngakhale kamodzi mpaka patatha miyezi itatu. Chachikulu koposa n'chakuti, popeza zolemba zanu zili pa makina anu, udindo wozisamala ulinso m'manja mwanu. Foni ikabedwa kapena laputopu ikawonongeka musanakopere foda yanu kwina, ntchito yonse yapita. Kampaniyo imagulitsa chithandizo chotchedwa Sync, chimene chimafananitsa zolemba za pa foni ndi za pa kompyuta, pa mtengo woyambira madola 4 pa mwezi mukalipiriratu chaka chonse. Kwa ife kuno, kumene ndalama zakunja zikusowa ndipo si aliyense amene ali ndi khadi yolipirira pa intaneti, mtengo umenewu ndi wolemera. Ine ndimakopera foda yanga pa fulashi Loweruka lililonse, ndipo fulashiyo ndimaisunga pamodzi ndi mapepala anga a penshoni.

Ndinayesanso mapulogalamu ena kuti ndiyerekeze. Google Keep njosavuta kwambiri ndipo njoyenera kulembamo zogula kumsika, manambala a foni kapena tsiku lopita kuchipatala, koma siinapangidwire kumanga mfundo zolumikizana. OneNote ya Microsoft imafanana ndi kope lenileni lokhala ndi zigawo, ndipo amene anazolowera Word adzaimva msanga. Evernote, kuyambira kumapeto kwa 2023, imalola wosalipira kukhala ndi zolemba 50 zokha, chiwerengero chimene wowerenga wakhama amachidutsa m'mwezi umodzi.

Obsidian ndikuivomereza kwa munthu amene ali ndi phunziro limodzi kapena awiri amene akufuna kuwazama kwa zaka, kaya ndi mbiri, Malemba Oyera, miyambi ya makolo kapena mzere wa fuko lake, ndipo makamaka ngati ali ndi laputopu, chifukwa kulemba ndime zazitali pa kiyibodi ya foni kumatopetsa zala ndi maso. Mnzanga wina, mkulu wa mpingo, wayamba kuigwiritsa ntchito poyerekeza mawu a m'Buku Lopatulika ndi a m'Buku Loyera, ndipo amalumikiza vesi lililonse ndi maulaliki amene analigwiritsapo ntchito. Amene amangofuna chokumbutsa zochita za tsiku angachite bwino kukhala ndi Keep kapena kope lake. Ine makope anga asanu ndi awiri ndikuwasamutsabe pang'onopang'ono, masamba atatu kapena anayi tsiku lililonse, ndipo sabata ino ndafika pa kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, yotsutsa zoti Aafirika azifera nkhondo ya azungu. Ndailumikiza kale ndi tsamba la nkhondo ya ku Karonga ya mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo ndikufufuzabe ngati iyeneranso kulumikizidwa ndi tsamba la thangata.