Dropbox, Google Drive, OneDrive kapena Syncthing: zomwe ndaona kuno ku Zomba

Ndili ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta pafupi ndi Chikanda, ndipo makasitomala ambiri ndi ophunzira a ku Chanco. Ntchito ndimaiyamba pa kompyuta ya kushopu, n'kukaimaliza usiku pa laputopu ku Matawale. Ndiye mapulogalamu a sync, aja amachititsa kuti foda ikhale chimodzimodzi pa makompyuta awiri, ndakhala nawo ndithu.

Aliyense amayamba kufunsa za malo aulere. Google Drive imapereka 15 GB, koma malowo ndi omwewonso a Gmail ndi Google Photos, moti zithunzi za pa chinkhoswe zikadzaza, maimelo amaleka kulowa. OneDrive ndi 5 GB. Dropbox ndi 2 GB basi, ndipo pa akaunti yaulere simungalumikize zipangizo zoposa zitatu.

Koma kuno chimayamba kutha si malo ayi, ndi bandulo. Apa Dropbox ndimaigomera: mukasintha pang'ono fayilo yaikulu, imangotumiza tizidutswa tasinthato. Google Drive ya pa kompyuta ili ndi njira ziwiri, stream ndi mirror. Mirror imasunga mafayilo onse m'kompyuta mwanu. Mukasankha stream, mayina a mafayilo mumawaona bwinobwino koma enieniwo ali pa intaneti, ndiye netiweki ikathawa fayilo satseguka, kasitomala ali chilili pakhomo. OneDrive nayo ndi momwemo. Yang'anani kachizindikiro pambali pa fayilo: kamtambo ndiye kuti sinatsike, kobiriwira ndiye kuti ili m'kompyuta mwanu. OneDrive imakananso mayina a mafayilo okhala ndi zizindikiro monga : kapena ?

Syncthing ndi ya mtundu wina. Ndi yaulere, mafayilo sakhala kwa kampani iliyonse, amangochoka pa kompyuta iyi kupita pa inayo. Ndikabwera ndi laputopu kushopu, zonse ziwiri pa Wi-Fi imodzi, mafoda amafanana popanda kudya bandulo. Vuto lake n'lakuti zipangizo zonse ziwiri zikhale zoyaka nthawi imodzi. Magetsi akazima kushopu ine ndili ku Matawale, palibe chikuyenda. Kuikonza koyamba kumafunanso kudekha, ndipo app yake yeniyeni ya Android anasiya kuitulutsa mu Disembala 2024. Anthu pano amagwiritsa ntchito app ina yotchedwa Syncthing-Fork.

Pali chilema chimodzi chomwe onse anayi ali nacho, ndipo chinandigonetsa m'maso. Laputopu itadzaza, ndinafufuta foda ya dissertation ya mtsikana wina, mumtima ndikuti kushopu ilipo ina. M'mawa ndiyatse kompyuta, fodayo kulibenso. Pulogalamu sinalakwe, inangotsatira zomwe ndinachita ine. Mtsikanayo anali pabenchi atagwira envelopu ya ndalama za binding, akundifunsa kuti "Achimwene, zatheka?" Manja akunjenjemera, ndinakaipeza mu trash pa intaneti. Google Drive, OneDrive ndi Dropbox yaulere zimasunga zofufutidwa masiku 30. Syncthing siisunga kanthu pokhapokha mutayatsa nokha file versioning, njira yosunga mafayilo akale ndi ofufutidwa, chifukwa imabwera yozimitsa. Fayilo ikawonongeka ndi vayirasi ya pa fulashi, yowonongekayo ndiyo imapitanso kwina konse.

Chinanso ndi kusintha fayilo imodzi mbali zonse ziwiri zisanalumikizane. Dropbox imapanga ina yolembedwa "conflicted copy", Syncthing imawonjezera "sync-conflict" pa dzina. Palibe chatayika, koma kusankha yolondola ndi kwanu, ndipo munthu wapachangu akhoza kupulinta masamba 80 a chaputala chakale.

Panopa mafoda aakulu a zithunzi ndi ma design ali pa Syncthing, versioning itayatsidwa. Zolemba za makasitomala zili pa Dropbox, poti n'zazing'ono ndipo 2 GB imakwana. Loweruka ndikamatseka ndimakopera zonse pa hard drive yapadera, n'kuizula, n'kupita nayo kunyumba.