Mbaula ya mapeleti komanso yosonkhezera chimanga ngati nkhuni: zomwe ndaona chisanu chino kuno ku Mchinji

Anthu angapo mwafika pakhomo kudzaona kambaula kanga ka mapeleti kaja kali ndi fani, ena mumandiimitsa pamsika pa Kamwendo kufunsa ngati kamatenthetsadi nyumba, ndiye poti chisanu chatha ndipo ndakagwiritsa ntchito June ndi July yense ndati ndifotokoze zonse kamodzi.

Chomwe chinandiyambitsa kufufuza ndi amayi. Amakhala nafe, miyendo imawavuta, ndipo chisanu cha kuno mukuchidziwa, nyumba ya malata yopanda siling'i ikafika 3 koloko mbandakucha bulangete limodzi silithandiza olo pang'ono. Chaka chatha tinkawaikira mbaula ya makala kuchipinda, tsiku lina anadzuka mutu ukuwawa koopsa, chizungulire, kusanza, kuchipatala anatiuza mosabisa kuti ndi mpweya woipa wa makala umene suoneka komanso sununkha, ndipo tinangochita mwayi poti chitseko chawo sichitsekeka bwino. Kuyambira tsiku limenelo makala kuchipinda ndinaletsa. Koma kuletsa kokha sikuchotsa kuzizira, amayi ankangokhala khuma pakhonde kudikira dzuwa, zinkandiwawa mumtima.

Alamu anga amakhala ku America, ku Minnesota, kumene madzi amaundana panja kwa miyezi ingapo. Nditawafotokozera anati dikirani ndikuonetseni zomwe timaothera kuno, nkundiimbira vidiyo pa WhatsApp. Kwawo ali ndi sitovu ya mapeleti, mnzawo wina mlimi ali ndi yosonkhezera chimanga ngati nkhuni, ndipo anachita kupita kumeneko tsiku lina kuti ndikaionenso. Ndinene poyambirira kuti ziwiri zikuluzikuluzi ndinaziona pa foni ndikufunsa mafunso ambirimbiri mpaka bando kutha, yomwe ndagwira ndi manja anga ndi yaing'ono yomwe ndinena kutsogoloku.

Mapeleti ndi utuchi wa matabwa woumitsidwa nkupanikizidwa ndi makina, amatuluka timibulu tonenepa ngati pensulo, mamilimita 6, tatifupitifupi, kungowaona mungati ndi chakudya cha nkhuku cha kusitolo chija. Sathira guluu, utomoni wa mumtengo momwemo ndi umene umamata ukatenthedwa. Sitovu yake ndi chibokosi chachitsulo chokhala ndi galasi kutsogolo, kumbuyo kuli kothira mapeleti, ndiye mkati muli chitsulo chopotana ngati sikuluwu chomwe chimazungulira pang'onopang'ono kumagwetsera mapeleti ochepa mu kambale koyakira moto. Fani imodzi imapemerera moto ndi kukankhira utsi panja kudzera mu paipi, ina imaombera mpweya wotentha m'chipinda. Utsi sulowa m'nyumba ayi. Alamu akuti thumba la makilo 18 limawatengera pafupifupi tsiku lathunthu akapanda kukweza kwambiri, ndipo phulusa lake ndi lochepa zedi, anandionetsa kathireyi kake ndinadabwa.

Ya chimanga ija kapangidwe nkofanana, kusiyana kuli pamoto penipenipo. Amathira chimanga chotonola, chachikasu cha ziweto chija, chouma bwino chinyontho chisapitirire 15%, chopeta kuti musakhale zinyalala zotseka chitsulo chopotana chija. Koma chimanga sichipsa ngati mtengo. Phulusa lake limasungunuka nkumatana kukhala chibuma cholimba ngati njerwa yootcha, ndiye mwina mumachichotsa ndi manja tsiku ndi tsiku, mwina mugule mtundu womwe uli ndi kachitsulo kotakasa moto kokha, monga Harman PC45 imene anaipanga kuti izitha chimanga ndi mapeleti omwe. Chimanga sichigwiranso moto msanga, mlimi uja amayatsira mapeleti kaye kenako chimanga chimatsatira. Utsi wake umadya chitsulo kuposa wa mitengo ndiye paipi imafunika ya chitsulo chosachita dzimbiri. Ndiye pali makoswe, amenewo sindikuyenera kukufotokozerani, aliyense wosunga chimanga m'nyumba akuwadziwa. Ubwino wake kwa iyeyo ndi umodzi waukulu: nkhuni zake amalima yekha, sadikira sitolo.

Pa ziwirizi ine ndingasankhe ya mapeleti, ntchito yake ndi yochepa ndipo moto wake ndi wodalirika. Koma zonse ziwiri zili ndi vuto limodzi lomwe kwa ife ndi lalikulu, popanda magetsi siziyenda. Chitsulo chija chimaima, mafani amaima, moto umazima. Ife kuno magetsi akathima madzulo ndi nthawi yomweyo imene kuzizira kukuyamba, ndiye ungawononge ndalama zambirimbiri kuitanitsa chinthu cholemera choncho nkumachiyang'ana chili zii. Komanso tinene zoona, chisanu chathu ndi cha miyezi iwiri kapena itatu, madzulo ndi mbandakucha basi, si cha ku Minnesota.

Za chimangazo amayi anali pambali panga nthawi yomwe mlimi uja amathira ndowa yathunthu mu sitovu. Anandilanda foni nkuyang'anitsitsa, kenako anati, "Alamu akowa ali bwinobwino? Chimanga chabwino chonchi akuotha?" Ndinayesa kufotokoza kuti kumeneko amalima chochuluka kwambiri moti china amapangira mafuta agalimoto, koma anangopukusa mutu, "Mwana wanga, ine ndadyapo gaga chaka cha njala, zimenezo usadzachite pakhomo pano ndili moyo." Ndipo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mu March 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño, anthu ankagona pamizere kufuna ndowa imodzi, ndiye chimanga chodyeka kuchithira pamoto ine dzanja silingalole. Thumba la makilo 50 pakhomo pathu ndi nsima ya mwezi.

Chomwe ndinagula ndi kambaula ka mapeleti kakang'ono, kophikira, konyamula m'manja. Mnzanga wochita geni yodutsa pa Mwami anandibweretsera kuchokera ku Chipata pamodzi ndi matumba atatu a mapeleti, dzina la kampani ndilisiya. Kali ndi chitini chothiramo mapeleti, pansi pali fani yoyendera batire yomwe mumatchaja ndi kasola kakang'ono, ndi kotembenuza kokweza kapena kutsitsa mphepo. Kayatsidwe kake nkosiyana ndi mmene tinazolowera, moto mumayatsa pamwamba osati pansi, umatsika wokha pang'onopang'ono ndipo chomwe chimayaka kwenikweni ndi utsi uja ukakumana ndi mphepo pa timabowo ta m'mwamba. Masiku awiri oyamba ndinkalakwitsa, utsi tolotolo mpaka ana kuthawira panja, koma nditagwira nzeru yake, pakangotha mphindi zochepa lawi limakhala bata ngati la gasi, miphika sichita mwaye wambiri, maso sawawa.

Pa mapeleti kamagwira ntchito bwino kwambiri, apa sindingakanenere zoipa. Kudzaza chitini kamodzi ndimaphika nsima ndi ndiwo nkutsala moto wofunditsa madzi. Mwana wanga wamng'ono amene ankatsokomola tikamaphikira nkhuni kukhitchini chaka chino watsokomola mochepa, ine ndaona choncho.

Koma pa funso lomwe ambiri mukufunsa, loti kamatenthetsa nyumba, yankho ndi loti pang'ono, osati ngati zikuluzikulu zija. Kutentha kwake kumathamangira m'mwamba poti anakapangira mphika, ukakhala pambali miyendo imazizirabe, mbaula ya makala pa kuotha imakaposa, ngakhale chitetezo mbaula yadothi ija imasunga kutentha m'thupi mwake nthawi yaitali kuposa aka. Kalibenso paipi yotulutsira mpweya panja, ndiye olo utsi usamaoneke musanamizike, windo likhale lotsekula ndipo musagone nako m'chipinda, chonde, ndadutsamo ine. Njira yomwe yatithandiza ndi iyi: madzulo timakaika pabalaza windo lili pang'ono, pamwamba timaika chimphika chachikulu cha madzi, chipinda chimafunda ndithu tikamacheza, moto ukatha timakatulutsa panja, madzi aja timathira mu chigubu cholimba chotseka bwino nkukulunga chitenje kuika kumapazi kwa amayi. Nthawi zina ndimatenthetsaponso njerwa ziwiri nkuzikulunga chiguduli. Amagona mpaka kucha osadandaula miyendo, kwa ine zimenezi ndiye zinali zofunika.

Poti nkhani ya chimanga inali idakali m'mutu, ndinayesa ndi chowola chomwe tinasankha potonola, chija chachuku chomwe alangizi amati tisadye ngakhale kupatsa nkhuku chifukwa cha poizoni wa aflatoxin. Amayi anavomera atachiona okha kuti nchotayadi. Zotsatira zake sizinandisangalatse. Chokhachokha chinakana kuyaka, maso a chimanga amathinana kwambiri mphepo ya fani siidutsa bwino, chinangofuka utsi wonunkha ngati chimanga chopserera pa chiwaya. Nditasakaniza pang'ono ndi mapeleti chinayaka, koma pansi pa chitini panatsala chibuma chija ndinachiona pa foni, chomata pa timabowo, ndinachita kugogoda ndi mpeni nthawi yaitali kuopa kuboola chitini. Sindinabwerezenso. Ndipo wina asayese ndi mbewu yogula yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira ija, kapena chimanga chomwe mwathira kale mankhwala a anankafumbwe, utsi umenewo si wopuma munthu.

Chomwe chinandidabwitsa ndi zitsononkho. Kuno tikatha kutonola zimangokhala mulu kuseri kwa nkhokwe, tonse tinakula tikusonkhezera moto, koma pamafuwa zimafuka kwambiri. Nditaziduladula tizidutswa tating'ono nkuziyanika bwino, mu kambaula aka zinayaka lawi loyera bwino lomwe. Vuto nzopepuka, chitini chodzaza chimatha msanga, tiyi ndi phala zimatheka koma nyemba iwalani, ndipo kuonjezera pakati moto uli mkati kumabweretsa utsi. Phulusa ndi lambiri kuposa la mapeleti. Komabe nzaulere, ndipo palibe amene wagona ndi njala chifukwa chawotchedwa chitsononkho. Makoko a mtedza, omwe kuno ku Mchinji ali mbwee, ndinayesanso, amayaka mofulumira kwambiri ndipo fani ikakwera timoto timauluka, pabalaza sindingalole, panja pokha.

Dandaulo langa lalikulu ndi mapeleti enieniwo. Matumba atatu aja anatha pakati pa July, kuno sindinapeze wogulitsa, mnzanga uja anachedwa ulendo wake masabata awiri, ndiye mbaula yabwinobwino inakhala ikudya zitsononkho zokha. Mukawerengera thiransipoti ndi kusintha ndalama kukhala ya ku Zambia, kutchipa kuja kumachepa. Thumba lina linanyowa pangodya chifukwa ana anatayira madzi, mapeleti ake anafufuma nkubwerera kukhala utuchi, osayakanso, ndiye muwasunge pa thandala kutali ndi chinyontho. Batire nayonso masiku a mitambo aja sinkadzaza, fani imafooka chakumapeto ndipo ikafooka utsi umayamba. Kawaya kotchajira nkosalimba, kanga ndamanga kale ndi tepi.

Zimandipweteka ndikamaona njinga za makala zikutsika m'mawa uliwonse pamsewu wa ku Lilongwe, lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020 koma anthu aphikira chiyani ngati china palibe, pomwe utuchi kwa akalipentala, makoko a mtedza ndi zitsononkho tikungozitentha pa dzala. Zonsezi zimatheka kupanikizidwa kukhala mapeleti. Atapezeka munthu woika makina otere pa boma kapena pa Kamwendo pompa, ine ndikhala kasitomala woyamba ndipo ndibweretsa anzanga a kumpingo.

Ndiye amene mukufuna kugula, ngati cholinga ndi kuphika mopanda utsi komanso kufunditsa pabalaza madzulo, gulani ka mapeleti, koma muyambe mwafunsa kumene muzikagula mapeletiwo mwezi ndi mwezi musanapereke ndalama, ndipo muyatse pomwepo muone ngati fani ikuzungulira bwino pa masitepe onse. Ngati mukufuna choti chiziyaka usiku wonse kuchipinda kwa agogo, aka si kake. Ya chimanga ija ndawauza alamu kuti asavutike kunditumizira. Panopa ndauza ana kuti zitsononkho za chaka chino asatenthe, taziika m'matumba asanu ndi limodzi pa thandala m'khitchini, ndipo ndalankhula kale ndi mmisiri kuti aike siling'i kuchipinda kwa amayi tikagulitsa soya.