Njinga ya Buffalo pa maulendo a Loweruka ndi Lamlungu: m'mbali mwa nyanja inde, m'mapiri ayi

Munthu amene akadali pa ntchito, ana ali pasukulu, sangasowe pakhomo mwezi wathunthu akupalasa. Nthawi yake ndi Loweruka ndi Lamlungu basi, ndipo kugula njinga yodula yongoyendera maulendo kumavuta kukufotokoza kunyumba fizi isanalipidwe. Apa mpamene Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief, imapambana. Lolemba ipita kuchigayo, Loweruka inyamula tenti.

Ndi yachitsulo, yolemera makilogalamu opitirira 20, ndipo kaliyala wake anapangidwa kuti azisenza makilogalamu 100. Tenti, mphika, zofunda ndi chigubu cha malita 5 sikanthu kwa iyo. Chitsulo chapakati n'chotsika, choncho mayi ndi bambo atha kumasinthana, kungokweza kapena kutsitsa chishalo.

Vuto ndi giya. Buffalo yomwe anthu ambiri ali nayo ndi ya giya imodzi. Kuchoka ku Salima kupita ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20, imayenda bwino ngakhale mwana ali kumbuyo. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota, makilomita oposa 100, ugaweni masiku awiri, pobwerera mukweze njinga pagalimoto kuti Lolemba mukafike kuntchito. Mwera wa mu Juni ndi Julayi umachokera kummwera, ndiye wolowera kumpoto umamukankha. Koma chitunda cha ku Golomoti mudzachikwera wapansi mukukankha.

Kutsetsereka n'koopsa kuposa kukwera. Buleki yake ndi yoponda mapedulo cham'mbuyo, ili m'kati mwa habu, chitsulo chapakati pa wilo yakumbuyo. Pamtsetse wautali ndi katundu, habu imatentha, girizi amasungunuka, buleki n'kuyamba kufooka. Muziima kuti izizire. Tcheni ikavuka, buleki yapita nayo limodzi, choncho musananyamuke ikanikizeni pakati ndi chala: isasewere kupitirira sentimita imodzi kapena pang'ono chabe. Ikakhala yolobodoka, masulani manati a wilo, kokerani wilo m'mbuyo, mangani. Onaninso kabawuti kogwira kachitsulo ka buleki ku felemu, chifukwa kakamasuka buleki sigwira bwino. Ngati yanu ilibe buleki yakutsogolo, kaikitseni.

Za mwana pakaliyala, ambiri amazitenga mopepuka. Phazi likalowa m'masipoko, chidendene chimasupuka koopsa. Ikitsani zopondera ndi khushoni ngati mmene amachitira akabaza, mutchingenso masipoko m'mbali. Ndi mwana, makilomita 30 pa tsiku akwana, ndipo mu Okutobala nyamukani kusanache, pofika 10 koloko mukhale pamthunzi.

M'chikwama musasowe pampu, chubu chimodzi, zigamba, guluu ndi masipanala okwana manati anu. Zina zonse amakaniko a pansi pa mtengo m'misika ya m'njira amazitha.

Amene mtima wake uli ku Nyika kapena ku Dedza afune ya magiya. Ilipo Buffalo S2 ya magiya awiri ndi matcheni awiri, koma nayonso ndi yolemera.